Mafunso a Owerenga: Chitsulo Chikagwirana ndi Kaboni

M'magazini ya mwezi watha tinatchula mwachidule kuti matumba a feteleza, zigubu za madzi ndi mapiritsi ambiri a kuchipatala amapangidwa mothandizidwa ndi zitsulo zimene wogula sazionamo m'katunduyo. Mawu amenewo autsa mafunso ochuluka, makamaka kuchokera kwa owerenga athu a ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo danga lonse la mwezi uno taliika pa nkhani imeneyi.

FUNSO: Bambo, ine ndine mtsikana wa Fomu 4. M'kalasi tinaphunzira kuti chemistry ya kaboni ndi ina, ya zitsulo ndi inanso. Nanga organometallic chemistry imene munatchula ija ili mbali iti? Komanso zimatheka bwanji kuti catalyst izigwira ntchito koma osatha? Wophunzira, Bembeke.

YANKHO: Zikomo mwana wanga. Zimene aphunzitsi ako anakuuza n'zoona, ndipo kugawa phunziroli pawiri kumathandiza munthu amene akuyamba kumene. Koma alipo mamolekyu ena amene ali pamalire a zigawo ziwirizo, chifukwa mkati mwake atomu ya chitsulo inagwirana mwachindunji ndi atomu ya kaboni, ndipo amenewa ndi amene organometallic chemistry imafufuza. Kugwirana kwachindunjiko ndi pamene pagona nkhani. M'magazi akomo muli ayironi yozunguliridwa ndi molekyu yodzaza ndi kaboni, komabe ayironiyo inagwirana ndi nayitirojeni, choncho siwerengedwa m'gululi. Vitamini B12, amene thupi limamupeza mu nyama, nsomba, mazira ndi mkaka, ndiye ali m'gululi, pakuti akamagwira ntchito m'thupi atomu yake ya cobalt imakhala itagwirana ndi kaboni. Amene anaonetsa kapangidwe ka vitamini ameneyu ndi mayi wa ku Oxford, Dorothy Hodgkin, yemwe analandira mphoto ya Nobel mu 1964.

Phunziroli linayamba anthu asakudziwa chimene apeza. Mu 1827 William Zeise wa ku Copenhagen anapanga mchere wachikasu umene munali platinum yogwirana ndi mpweya wa ethylene, ndipo panatha zaka zoposa 100 akatswiri asanafotokoze bwino kagwiranidwe kake. Mu 1849 Edward Frankland analumikiza zinki ndi kaboni, n'kupeza madzimadzi amene amayaka okha akangokhudzana ndi mpweya. Mu 1890 Ludwig Mond anazindikira kuti nickel ikakumana ndi mpweya wa carbon monoxide pa kutentha kochepa imasanduka nthunzi, ndipo nthunziyo ikatenthedwa kwambiri imasiya nickel yoyera pansi. Njira imeneyi inayamba kugwiritsidwa ntchito poyenga nickel ku Clydach m'dziko la Wales mu 1902. Kenaka mu 1951 kunatulukira ferrocene, ufa wa mtundu wa lalanje umene atomu imodzi ya ayironi imakhala pakati pa mphete ziwiri za kaboni, ina pamwamba ina pansi, itagwirana ndi maatomu khumi a kaboni nthawi imodzi. Malamulo a kagwiranidwe ka maatomu amene anthu ankawadziwa panthawiyo sankalola chinthu chotere, ndipo kufotokoza kwake n'kumene kunatsegula phunziroli monga tikulidziwira lero. Ernst Otto Fischer ndi Geoffrey Wilkinson analandira mphoto ya Nobel mu 1973 chifukwa cha ntchito imeneyo.

Ungafunse kuti phindu lake n'chiyani. Pafupifupi mankhwala onse a kuchipatala, mapulasitiki ndi sopo ali ndi msana wa maatomu a kaboni olumikizana, ndipo ntchito yaikulu ya wopanga zinthuzi ndi kulumikiza kaboni ina ku kaboni inzake pamalo enieni amene akufuna. Vuto n'lakuti kaboni ya m'mamolekyu ambiri ndi yokhazikika, siifuna kusintha. Ikagwirana ndi chitsulo monga magnesium, imakokera maelekitironi kumbali kwake, ndipo imayamba kufunafuna kaboni ina yosowa maelekitironi kuti ilumikizane nayo. Victor Grignard wa ku Lyon ndi amene anaonetsa njira yosavuta yochitira zimenezi mu 1900, ndipo mpaka lero palibe wophunzira chemistry ku yunivesite amene amamaliza osakumana ndi dzina lake. Anapatsidwa mphoto ya Nobel mu 1912.

M'njira ya Grignard magnesium imatha, chifukwa molekyu iliyonse yopangidwa imadya atomu yakeyake. Catalyst ndiyo imasiyana pamenepa. Ntchito yake ndi ya unkhoswe: atomu ya chitsulo imalandira molekyu yoyamba, imalandiranso yachiwiri, imaziyandikizitsa mpaka zitagwirizana, kenaka imazitulutsa zitalumikizana, iyoyo n'kubwerera mmene inalili poyamba kuti ilandire zina. Popeza siilowa m'chinthu chopangidwacho, atomu imodzi ikhoza kubwereza ntchitoyo maulendo masauzande ambirimbiri. Komabe usalembe pamayeso kuti catalyst siifa. Madzi, okosijeni kapena sulphur pang'ono chabe zikhoza kukakamira pachitsulocho n'kuchitseka, ndipo ichi n'chifukwa chake m'mafakitale amawononga ndalama zambiri poyeretsa zinthu asanazilowetse m'thanki.

FUNSO: Ine ndimagulitsa tomato ndi kabichi pamsika, ndipo tsiku lililonse ndimagwira majumbo, matumba ndi ndowa zapulasitiki. Ngati zinthuzi amapangira zitsulo, kodi chitsulocho sichilowa m'zakudya? Nanga n'chifukwa chiyani jumbo siola ngakhale itakwiririka zaka? Mayi wa bizinesi, Lizulu.

YANKHO: Mayi, funso lanu lagwira pa ntchito yaikulu kuposa zonse imene phunziroli lachita padziko, choncho mundilole ndilitambasule.

Jumbo ndi chigubu zimachokera ku mpweya wa ethylene, umene amaupeza poyenga mafuta apansi kapena gasi. Molekyu ya ethylene ili ndi maatomu awiri okha a kaboni, ndipo pulasitiki amapangika mamolekyu amenewa akalumikizana masauzande kukhala unyolo wautali. Oyamba kuchita zimenezi anali akatswiri a kampani ya ICI ku England mu 1933, koma njira yawo inkafuna kupanikiza mpweyawo kuposa mmene mpweya wotizungulira umatipanikizira maulendo oposa 1,000, ndipo unyolo wake unkatuluka wa nthambi zambiri, motero pulasitikiyo ankakhala wofewa.

Zinthu zinasintha mu 1953 mumzinda wa Mülheim ku Germany. Karl Ziegler ndi anzake ankayesa kulumikiza ethylene pogwiritsa ntchito aluminiyamu yogwirana ndi kaboni. Tsiku lina ntchitoyo inakanika m'njira yachilendo, ndipo atafufuza anapeza kuti m'thanki munatsalira kachidutswa kochepetsetsa ka nickel. Ambiri akanangotsuka thankiyo n'kupitiriza. Ziegler anaganiza kuti ngati chitsulo chochepa chotere chingasinthe zotsatira, ndi bwino kuyesa zitsulo zina chimodzichimodzi, ndipo atafika pa titanium anapeza kuti ethylene ikulumikizana mosavuta popanda kupanikiza koopsa kuja, unyolo wake n'kumatuluka wowongoka. Unyolo wowongoka umathinana bwino, ndipo pulasitiki wake amakhala wolimba. Chaka chotsatira, mu 1954, Giulio Natta wa ku Milan anagwiritsa ntchito catalyst yamtunduwu pa mpweya wa propylene napanga pulasitiki wina wotchedwa polypropylene. Awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 1963. Palinso catalyst ya chromium imene kampani ya Phillips Petroleum ku America inapeza m'zaka zomwezo, ndipo nayonso imapanga gawo lalikulu la pulasitiki wolimbayu.

Mukabwerera kunyumba, mutembenuze chigubu cha madzi muone pansi pake. Kawirikawiri mupezapo kachizindikiro ka ngodya zitatu kokhala ndi nambala 2 mkati, kutanthauza polyethylene, pulasitiki wolimba uja wochokera ku ethylene. Pa ndowa ndi mabeseni ambiri mupezapo 5, amene ndi polypropylene. Mutengenso thumba la feteleza lotha ntchito, musolole kaulusi kamodzi, mukakoke ndi manja awiri. Muona kuti ndi kaphanthiphanthi, kopepuka, koma kuti kaduke pamafunika mphamvu. Kulimbako kumachokera pa ntchito ya titanium, imene polumikiza imayang'anitsa molekyu iliyonse ya propylene mbali imodzimodzi, ndipo kufakitale amakokanso timaulusito kuti maunyolo onse agone motsatana. Thumba la makilogalamu 50 limene amuna amaliponya pa lole likadzaza mbatatesi limapirira chifukwa cha zimenezi.

Za chitsulo cholowa m'zakudya, mtima ukhale m'malo. Macatalyst a masiku ano ndi amphamvu kwambiri moti galamu imodzi imapanga makilogalamu makumi angapo a pulasitiki, ndipo titanium yotsalira ndi yochepetsetsa, yotsekeredwa mkati, komanso inasanduka kale mtundu wosachita kanthu. Choopsa chenicheni chili kwina: kutungira madzi akumwa kapena kuika mafuta ophikira m'chigubu chimene munali mankhwala a m'munda. Pulasitiki amamwa ena mwa mankhwala amenewo, ndipo kutsukuluza sikuwachotsa onse.

Kusaola kwa jumbo ndi mbali ina ya ubwino womwewo. Tizilombo ta m'nthaka timaoletsa mapesi ndi makoko chifukwa m'zinthuzo muli malo ofooka amene timatha kudulapo, pamene unyolo wa polyethylene ndi kaboni yokhayokha yokutidwa ndi hydrogen, wopanda pogwira. Dzuwa limangouphwanya kukhala tizidutswa, koma suchoka. N'chifukwa chake majumbo amatseka ngalande, ndipo amapezeka m'mimba mwa mbuzi ndi ng'ombe pozipha. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 pa kuchindikala (micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita) mu 2015, ndipo Khothi la Supreme linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019. Ine ndimaona kuti lamuloli ndi loyenera, ngakhale ndikudziwa kuti kwa inu ogulitsa limabweretsa mtolo. Chinthu chopangidwa kuti chikhale zaka zambiri chimayenera ntchito ya zaka zambiri, monga ya chigubu ndi paipi ya madzi, osati yonyamulira tomato mtunda wa mphindi khumi.

FUNSO: Achimwene, ine ndimalima mbatatesi, ndipo nyengo ya mvula ndimapopera Dithane kuopa chiwawu. Papaketi analemba kuti muli manganese ndi zinki. Kodi amenewa ndi mankhwala a organometallic aja? Nanga feteleza wa Urea naye amapangidwa choncho? Mlimi, Tsangano.

YANKHO: Ayi bambo, Dithane sali m'gululi. Mankhwala a mkati mwake, otchedwa mancozeb, alidi ndi manganese ndi zinki, koma zitsulozo zinagwirana ndi sulphur, osati kaboni. Izi sizikutanthauza kuti ndi osaopsa. Mayiko a European Union anasiya kuwavomereza mu 2021 chifukwa cha nkhawa pa thanzi la anthu, choncho popopera muzivala zotchinga manja, mphuno ndi pakamwa, musamapopere moyang'ana kumene kukuchokera mphepo, ndipo muzisamba musanadye. Ndimamva chisoni ndikaona mnyamata atabereka sipuleya yodontha pamsana, malaya ali chonyowa, akusakaniza mankhwala ndi dzanja.

Analipo mankhwala a chiwawu amene anali a organometallic enieni. Ankatchedwa fentin, ndipo munali atomu ya tin yogwirana ndi mphete zitatu za kaboni. Ankapha chiwawu bwino lomwe, koma ankaphanso nsomba ndi zamoyo zina za m'madzi, mpaka ku Europe anawachotsa pamsika mu 2002. Apa pali mfundo imene ndikufuna mlimi aliyense aimve. Chitsulo chikagwirana ndi kaboni chimayamba kusungunuka m'mafuta, ndipo chinthu chosungunuka m'mafuta chimalowa mosavuta pakhungu, m'magazi, mpaka mu ubongo. Umboni wowawa kwambiri ndi wa mercury. Ku Minamata m'dziko la Japan, matenda amene anadziwika mu 1956 anachokera ku methylmercury, mercury yogwirana ndi kaboni, imene fakitale ya Chisso inkatayira m'nyanja, nsomba n'kuidya, anthu n'kudya nsombazo. Ku Iraq mu 1971 ndi 1972, mbewu ya tirigu yothiridwa methylmercury inafika nthawi yodzala itadutsa, machenjezo a pamatumba ali m'zinenero zimene alimi sankazidziwa, ndipo mabanja anatsuka utoto wofiira umene unapakidwa pambewuyo n'kupera tiriguyo kuphika buledi. Anthu oposa 6,000 anagonekedwa m'zipatala, ndipo oposa 400 anafera komweko. Mbewu ya chimanga yopakidwa utoto imene timagula masiku ano sathira mercury, koma phunziro lake silinasinthe: utoto ukachoka, mankhwala sanachoke, ndipo mbewu yotero siyenera kupita kuchigayo kapena kupatsidwa nkhuku ngakhale njala itavuta motani.

Chimene mwina simunachiganizire n'chakuti organometallic chemistry inafika kale m'minda yathu kudzera m'mankhwala opha udzu. Mankhwala a S-metolachlor, amene ali mu Dual Magnum, amapangidwa kuyambira mu 1996 ndi catalyst ya iridium yomangidwa pa ferrocene ija. Molekyu ya mankhwalawa imapezeka m'mitundu yotembenuzana, wina woyang'ana kumanja wina kumanzere, ndipo mtundu umodzi ndi umene umapha udzu kwambiri. Catalyst imeneyi imapanga makamaka mtundu wofunikawo, ndipo atomu imodzi ya iridium imakonza mamolekyu oposa 1,000,000. Zotsatira zake n'zakuti mlimi amathira mankhwala ochepa pa ekala kuposa kale, iridium n'kutsala kufakitale.

Feteleza wa Urea nkhani yake ndi yapafupi koma yosiyana. Amachokera ku ammonia, imene amapanga polumikiza nayitirojeni ya mumlengalenga ndi hydrogen pamwamba pa catalyst ya ayironi, pa kutentha kwa madigiri 400 mpaka 500 Celsius. Fritz Haber anaonetsa njirayi mu 1909, ndipo Carl Bosch anaifikitsa pa fakitale yoyamba ku Oppau mu 1913. Pamenepa catalyst ndi miyala yolimba ya chitsulo, osati molekyu ya chitsulo ndi kaboni. Popeza hydrogen yambiri imachokera ku gasi, mtengo wa gasi ukakwera kunja, mtengo wa thumba la Urea umakweranso kuno.

FUNSO: Ndine bambo wopuma pantchito ndipo ndimamwa losartan chifukwa cha BP. Mwana wanga anawerenga kuti popanga mankhwalawa amagwiritsa ntchito chitsulo cha palladium. Kodi ndikumeza chitsulo tsiku lililonse? Ndisiye kumwa? Gogo, Dedza Boma.

YANKHO: Agogo, musasiye mankhwalawo, ndipo kusintha kulikonse muzikambirana ndi a dokotala anu. Zimene mwana wanu anawerenga n'zoona. M'molekyu ya losartan muli mphete ziwiri za kaboni zolumikizana, ndipo kulumikiza mphete zoterezi kunali kovuta kwambiri mpaka pamene Akira Suzuki wa pa yunivesite ya Hokkaido, pamodzi ndi Norio Miyaura, anatulukira njira ya palladium mu 1979. Suzuki anagawana mphoto ya Nobel ya 2010 ndi Richard Heck ndi Ei-ichi Negishi, amene anapeza njira zina za palladium. Koma monga ndafotokozera mwana wa ku Bembeke uja, catalyst siilowa m'molekyu imene yapanga. Ntchito ikatha amaisefa, chifukwa palladium ndi yodula kwambiri moti fakitale iliyonse imafuna kuibweza, komanso chifukwa malamulo a mayiko ambiri okhudza kapangidwe ka mankhwala amaika malire: palladium yotsalira m'mankhwala akumwa isapitirire ma microgram 100 patsiku, amene ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a miligalamu imodzi. BP yosasamalidwa ndiyo imabweretsa sitiroko ndi kuwonongeka kwa impso.

Losartan sali yekha. Mankhwala a ululu a ibuprofen ankapangidwa m'masitepe asanu ndi limodzi otaya zinyalala zambiri, koma kuyambira mu 1992 pali njira ya masitepe atatu imene sitepe yake yomaliza imagwiritsa ntchito palladium ndi carbon monoxide. Efavirenz, amene kwa zaka zambiri anali m'gulu la ma ARV operekedwa m'dziko muno, gawo lake lofunika limalumikizidwa ndi kaboni yogwirana ndi chitsulo cha lithium kapena zinki. Anthu ambiri amene lero akulima ndi kulera ana awo anathandizidwa ndi chemistry imeneyi popanda kumva dzina lake.

Palinso kafukufuku wa mankhwala amene chitsulo chimakhalamo mwadala. Dziko la Malawi linali loyamba mu Africa kusiya chloroquine ngati mankhwala oyamba a malungo mu 1993, chifukwa tizilombo tinali titamuzolowera. Akatswiri a ku Lille m'dziko la France anaika ferrocene mkati mwa molekyu ya chloroquine napanga ferroquine, amene anaonetsa kuti amapha ngakhale tizilombo tosamva chloroquine. Mankhwalawa anayesedwapo pa anthu, koma sanafike poti n'kuperekedwa m'zipatala.

FUNSO: Bwana, ine ndimayendetsa minibasi mumsewu wa M1. Pampope wa petulo pamalembedwa kuti unleaded, ndipo amakaniko ena amati petulo wakale wa mtovu ndiye anali wabwino pa injini. Amatinso tichotse kachitini ka pa ekizozi kotchedwa catalytic converter kuti galimoto izikoka. Zoona zake n'ziti? Dalaivala, Kampepuza.

YANKHO: Achimwene, petulo wakale uja munali tetraethyl lead, atomu ya mtovu yogwirana ndi maatomu anayi a kaboni. Thomas Midgley wa kampani ya General Motors anapeza mu 1921 kuti mankhwalawa amaletsa injini kugogoda, ndipo anayamba kugulitsidwa mu 1923. Kuopsa kwake kunaoneka msanga, pakuti mu 1924 ogwira ntchito asanu pa fakitale ya Bayway ku New Jersey anamwalira atasokonezeka mutu, komabe malondawo anapitirira zaka makumi ambiri. Mtovu wotuluka mu ekizozi unkatera m'fumbi la m'mbali mwa misewu ndi kulowa m'magazi a ana, ndipo mtovu umawononga ubongo wa mwana m'njira yosabwezeka. Mayiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara anagwirizana ku Dakar mu 2001 kuti asiye petulo ameneyu, ndipo pofika kumayambiriro kwa 2006 anali atasiya. Dziko lomaliza padziko lonse linali Algeria mu 2021. Mukaganizira ana amene amagulitsa mbatatesi ndi chimanga chootcha pamawindo a minibasi yanu pa Lizulu ndi pa Chimbiya, mukupuma utsi womwewo tsiku lonse, muona kuti palibe ubwino wa pa injini umene ungalipire zimenezo. Amakaniko ali ndi mfundo pang'ono pa injini zakale kwambiri, zimene mavalavu ake ankatetezedwa ndi mtovu, koma magalimoto a ku Japan amene tikuyendetsa lero anapangidwira petulo wopanda mtovu.

Kachitini ka pa ekizozi kaja mkati mwake muli chadothi cha timabowo tambirimbiri chopakidwa platinum, palladium ndi rhodium. Si organometallic, koma ndi catalyst yeniyeni: imasandutsa carbon monoxide ndi petulo wosapsa kukhala carbon dioxide ndi madzi, ndipo imaphwanya mipweya ina ya nayitirojeni yowononga mapapo. Mtovu umapha catalyst imeneyi, ndipo ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene petulo wa mtovu anathetsedwera. Kachitinika kakatsekeka galimoto imafookadi, koma nthawi zambiri kamatsekeka chifukwa injini ikudya oyilo kapena sikuwotcha bwino petulo, ndiye pokonza muyambire kumeneko. Muzifunsanso kumene kachitini kochotsedwako kakupita, chifukwa zitsulo za mkatimo n'zamtengo wapatali ndipo alipo amene amazigula.

FUNSO: Ndine mphunzitsi wa sayansi pa sekondale yoyendera. Ana amandifunsa ngati dziko lathu lili ndi mbali iliyonse pa nkhani imeneyi. Ndiziwayankha chiyani? Mphunzitsi, Nsipe.

YANKHO: Aphunzitsi anzanga, muwauze zoona zake zonse. Platinum yambiri ya padziko imakumbidwa ku South Africa, ndipo ina ku Zimbabwe. Kuno kwathu, ku Kasiya m'boma la Lilongwe kunapezeka mchenga wa rutile wochuluka kwambiri, ndipo rutile ndi gwero la titanium, ngakhale kuti gawo lalikulu la titanium limapita ku penti yoyera, lochepa lokha n'kupita ku macatalyst a Ziegler ndi Natta. Ku Kangankunde m'boma la Balaka ndi ku Songwe Hill m'boma la Phalombe kuli miyala ya gulu la zitsulo zotchedwa rare earth, yokhala ndi neodymium, chitsulo chimene kupatula maginito chimagwiranso ntchito ngati catalyst popanga labala wa matayala. Koma mafakitale athu a pulasitiki a ku Blantyre ndi ku Lilongwe amagula timibulu ta pulasitiki kunja n'kumangotisungunula kuumba ndowa ndi matumba. Sitepe yolumikiza mamolekyu, imene ili ndi phindu lalikulu, imachitikira kwina.

Chinthu chimodzi chimene ndimafuna ana athu achidziwe ndi ichi. Ethylene sachokera ku mafuta apansi okha. Ethanol akachotsedwa madzi amasanduka ethylene, ndipo ku Brazil kampani ya Braskem yakhala ikupanga polyethylene kuchokera ku nzimbe kuyambira mu 2010, pa fakitale imene inayamba ndi matani 200,000 pachaka. Ife timapanga ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe ku Dwangwa kuyambira mu 1982 ndi ku Chikwawa kuyambira mu 2004, ndipo wambiri timasakaniza ndi petulo. Sindikunena kuti fakitale yotero ingamangidwe mawa, pakuti imafuna ndalama zochuluka, magetsi odalirika ndi ethanol wambiri kuposa amene tili naye. Koma mwana wofuna kulowa m'phunziroli ayambe ndi kukhoza bwino chemistry, physics ndi masamu pa MSCE, ndipo digiri ya chemistry akhoza kuiyamba konkuno, monga ku University of Malawi ku Zomba. Pa sukulu panu, ngakhale mulibe labotale yokwanira, mukhoza kuwaonetsa catalyst ikugwira ntchito: thirani hydrogen peroxide wa ku famasi pa kachidutswa ka mbatatesi yaiwisi, aone thovu la okosijeni likutuluka chifukwa cha catalase, catalyst yachilengedwe ya mu mbatatesiyo imene ili ndi ayironi mkati mwake, kenaka mubwereze ndi kachidutswa kowiritsa, pamene thovu silituluka chifukwa kutentha kunaononga catalyst.